Barbara McClintock ndi majini oyendayenda

Dzina la Barbara McClintock ndinalipeza pamene ndinkafufuza chifukwa chake mankhwala ena omwe kale ankachiza kamwazi anasiya kugwira ntchito. Ndinadabwa kuona kuti nkhaniyi inayambira m'munda wa chimanga.

Mayiwa anabadwa m'chaka cha 1902 ku Hartford, m'dziko la America, ndipo analandira digiri yawo yapamwamba pa yunivesite ya Cornell mu 1927. Kuyambira mu 1941 ankagwira ntchito ku Cold Spring Harbor, komwe ankadzala chimanga n'kumaunika maselo ake pa maikulosikopu. Chomwe chinawakopa chinali njere zamawangamawanga, njere imodzi yokhala ndi madontho a mtundu wina. Pofika mu 1948 anali ataona kuti tizidutswa tina ta majini (osati majini ogwira anthu aja, koma malangizo achibadwa a m'maselo) timachoka pamalo pake n'kukakhala pena. Kachidutswa kotero kakalowa m'kati mwa jini yopereka mtundu, njere imatuwa. Kakachokamo, mtundu umabwerera m'madontho.

Anzawo ankakhulupirira kuti jini iliyonse ili ndi malo ake osasintha. Choncho atafotokoza zimenezi pa msonkhano wa mu 1951, ambiri sanawamvetse, ndipo mu 1953 analeka kusindikiza zambiri za nkhaniyi. Koma kafukufuku sanamusiye. Ine apa ndi pamene ndimawapatsa ulemu, chifukwa wina akanangotembenukira ku zokondweretsa anzake.

Amene anawaikira umboni ndi mabakiteriya. M'zaka za m'ma 1950 madokotala a ku Japan anapeza tizilombo ta kamwazi, totchedwa Shigella, tosamva mankhwala anayi nthawi imodzi. Kenako zinadziwika kuti mabakiteriya amapatsirana timikombero ta DNA totchedwa ma plasmid, ngakhale akhale a mitundu yosiyana. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960 tizidutswa toyendayenda tinapezeka mwa mabakiteriya, ndipo m'ma 1970 zinaoneka kuti tina timanyamula majini okana mankhwala. Salmonella yolowa m'magazi, yomwe yavutitsa ana ndi odwala Edzi ku Blantyre, inapeza mphamvu yokana mankhwala angapo m'njira yomweyi.

Mphotho ya Nobel anailandira okha mu 1983, ali ndi zaka 81, patadutsa zaka zoposa 30 chiyambire kunena za majiniwa. Anamwalira pa 2 Seputembala 1992, akadali wofufuza wa ku Cold Spring Harbor komweko.