Harold Abrahams, Katswiri Wolumpha Patali

Harold Abrahams anabadwa pa 15 December 1899 m'tauni ya Bedford ku Mangalande. Mkulu wake, Sidney, anali katswiri wolumpha patali, ndipo pambuyo pake anakhala mkulu wa oweruza milandu ku Tanganyika. Harold anatengera luso la mkulu wakeyo.

Mu 1920, akuphunzira pa sukulu ya ukachenjede ya Cambridge, anasankhidwa kukapikisana pa masewera a Olimpiki ku Antwerp. Kumeneko zinthu sizinamuyendere. Pothamanga payekha anagonja asanafike m'ndime yomaliza, ndipo polumpha anakhala wa nambala 20. Anabwerera kwawo chimanjamanja, koma sanataye mtima. Anapeza mphunzitsi waluso, dzina lake Sam Mussabini, amene anamuwongolera kanyamukidwe ndi kaponyedwe ka miyendo. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha.

Khama lake linaoneka mu 1924. M'mwezi wa June analumpha mamita 7.38, mtunda woposa anthu aakulu anayi atagona mondondozana. Panapita zaka 32 popanda Mngelezi wina wolumpha kuposa pamenepo. Mwezi wotsatira, pa Olimpiki ya ku Paris, anathamanga mamita 100 m'masekondi 10.6 nalandira mendulo yagolide. Iye ndiye anali munthu woyamba wa ku Ulaya kupambana mpikisano umenewu.

Koma tsoka sasimba. Mu 1925, ali ndi zaka 25 zokha, anathyoka mwendo polumpha, ndipo sanapikisanenso. Wina akadakhumudwa n'kutaya zonse. Harold sanatero. Ankagwira ntchito ya zamalamulo, kwinaku akulemba nkhani za masewera m'nyuzipepala ndi kuulutsa mipikisano pa wailesi ya BBC. Pa 6 May 1954, pamene Roger Bannister anathamanga mailo imodzi mphindi zinayi zisanakwane, chinthu chimene munthu anali asanachitepo, Harold anali mmodzi mwa owerenga nthawi.

Anamwalira pa 14 January 1978. Anapikisana zaka zowerengeka, koma anatumikira masewera zaka zoposa 50 mwendo utathyoka kale.

Mafunso
1. Kodi Harold zinamuyendera bwanji ku Antwerp?
2. Analumpha mamita angati mu 1924?
3. Tchulani ntchito ziwiri zimene anagwira atathyoka mwendo.