Dr. Robert Laws ndi Chipangano Chatsopano cha ku Bandawe

Anzanga aseminale, palibe munthu lero amene ali ndi kalata yeniyeni imene Paulo woyera anatumiza ku Korinto. Zimene tili nazo ndi makope a makope. Mabuku akale otchuka, monga Codex Vaticanus ya ku Roma ndi Codex Sinaiticus, analembedwa m'Chigriki pa zikopa m'zaka za m'ma 300. Pambuyo pake amonke anapitiriza kukopera ndi manja kwa zaka zoposa chikwi, kufikira makina osindikizira atabwera. Ine, monga mwana wa ku Nkhata Bay, ndifuna ndikuuzeni za munthu amene anafikitsa ntchito imeneyi kwathu kunyanja. Sanali Mkatolika, koma ulemu ukumuyenera.

Robert Laws anabadwa pa 28 May 1851 ku Aberdeen m'dziko la Scotland. Bambo ake anali mmisiri wa matabwa, ndipo nayenso anayamba ndi ntchito yomweyo. Pakhomo panali posauka, motero usana ankapala matabwa, madzulo n'kumaphunzira. Khama lake linamufikitsa ku yunivesite, ndipo anatsiriza maphunziro a udotolo ndi a ubusa.

Mu 1875 ananyamuka ndi gulu loyamba la mishoni ya Livingstonia. Sitima yawo, Ilala, inaphwasulidwa n'kusenzedwa pamutu podutsa mathithi a Shire, ndipo inalowa m'nyanja pa 12 October chaka chomwecho. Anamanga ku Cape Maclear, koma malungo anawathera anzawo, ndipo munthu woyamba, Albert Namalambe, anabatizidwa mu 1881. Chaka chomwecho mishoni inasamukira ku Bandawe pafupi ndi Chintheche, pakati pa Atonga amene ankavutika ndi nkhondo za Angoni.

Kwa ine, ntchito yake yaikulu ndi imene anamalizira ku Bandawe. Pakati pa kuchiza odwala, kumanga nyumba ndi kutsegula masukulu, anamasulira Chipangano Chatsopano chonse m'Chinyanja, ndipo chinasindikizidwa mu 1886. Tangoganizani: chiyankhulo chinalibe kalembedwe kokhazikika. Liwu lililonse anayenera kulitola pakamwa pa eni ake. Kodi chisomo achitchule bwanji? Nanga Mzimu Woyera, pakati pa anthu amene ankadziwa kale mizimu ya makolo? Akanaphonya liwu limodzi, anthu akanamva uthenga wina. Mu 1894 anatulutsanso dikishonale ya Chingerezi ndi Chinyanja. Ife Atonga tinadikira mpaka 1921, pamene Chipangano Chatsopano chinatuluka m'Chitonga chifukwa cha khama la m'busa A. G. MacAlpine.

Mu 1894 Laws anakwera ku Khondowe kumene anayambitsa sukulu ya Overtoun. Koma munthu salephera kukhala ndi chilema. Mishoni yake inkachedwetsa ubatizo, kotero kuti mu 1908 ndi 1909 anthu zikwi zambiri a kwathu anatsata Elliot Kamwana amene ankabatiza msanga. Abusa oyamba achikuda anadzozedwa mu 1914, patapita zaka 39, ndipo mmodzi wa iwo, Yesaya Zerenji Mwasi, anatuluka mu 1933 n'kuyambitsa mpingo wake. Anthu amene anapatsidwa buku anawerengamo okha kuti onse ndi ana a Mulungu mmodzi.

Laws anachoka m'dziko muno mu 1927 atagwira ntchito zaka 52, ndipo anamwalira ku London pa 6 August 1934.

Njira imene analambula ena anaitsata. Buku Lopatulika linatuluka mu 1922, Malembo Oyera athu a Chikatolika mu 1966, ndipo mu 1998 Akatolika ndi Aprotestanti anatulutsira limodzi Buku Loyera. Tsono anzanga, tikamanyinyirika ndi phunziro la Chichewa kapena kulemba manotsi mwaulesi, tikumbuke kuti mawa ndife tidzaime pa guwa kumasulira Mawu amenewa kwa agogo athu. Tidzawapereke osapotoka, monga mmene tinawalandirira.