Francis wa ku Assisi, msilikali amene anatula lupanga

Pa 4 Okutobala mpingo wathu umakumbukira Francis Woyera wa ku Assisi. Ambirife timamudziwa pa zithunzi ali pakati pa mbalame, koma munthuyu anayamba wakhala msilikali, ndipo anagonapo m'ndende ya adani.

Francis anabadwira ku Assisi, m'dziko la Italy, cha m'ma 1181. Bambo ake, a Pietro di Bernardone, anali mpondamatiki wogulitsa nsalu, choncho mwanayo anakula wokonda zovala zapamwamba ndi maphwando. M'chaka cha 1202 mzinda wa Assisi unamenyana ndi mzinda woyandikana nawo wa Perugia, ndipo Francis anapita nawo kunkhondoko. Pamalo otchedwa Collestrada a kwawo anagonja, ambiri anaphedwa, iye nagwidwa. Anakhala m'ndende pafupifupi chaka chathunthu, ndipo atamasulidwa anadwala nthawi yaitali.

Sikuti anasinthiratu pomwepo ayi. Mu 1205 ananyamukanso ulendo wa kunkhondo, koma atafika ku Spoleto analota maloto amene anamubweza kwawo. Kuchokera apo anayamba kutumikira akhate ndi kukonza matchalitchi ogumuka. Atagulitsa nsalu za bambo ake kuti apeze ndalama za ntchitoyo, bambowo anamutsekera m'nyumba. Amayi anzanga, apa tionepo bwino: amene anatsegula chitseko anali mayi ake, a Pica, amuna awo atachokapo. Si chinthu chapafupi kwa mkazi wa masiku amenewo.

Mu 1219 magulu ankhondo a Akhristu anazinga mzinda wa Damietta ku Egypt. Francis, amene ankadziwa bwino zimene zimachitikira munthu wogwidwa pankhondo, anawolokera kwa Asilamu ndi mbale mmodzi yekha, opanda chida chilichonse. Mfumu yawo, Sultan al-Kamil, inamulandira, inamumvetsera masiku angapo, kenako inamubweza wamoyo. Mfumuyo sinatembenuke, ndipo nkhondo sinathe. Komabe ife amene timatunga madzi pa mjigo umodzi ndi anzathu a Chisilamu tikudziwa kulemera kwa ulendo woterewu.

Malamulo a mu 1221 a omutsatira okhala m'mabanja mwawo anawaletsa kunyamula zida zophera munthu. Ali chidwalire kumapeto kwa moyo wake, Francis anayanjanitsa Bishopu wa Assisi ndi mkulu wa mzindawo, amene anali pa chidani. Anamwalira madzulo a pa 3 Okutobala 1226.