MICHAEL FARADAY: MWANA WA WOSULA ZITSULO

Michael Faraday anabadwa pa 22 September, 1791, kufupi ndi mzinda wa London ku Mangalande. Atate wace anali wosula zitsulo, munthu wodwaladwala, ndipo umphawi unali waukulu pabanjapo. Ku sukulu mwanayo anangophunzira kuwerenga, kulemba ndi masamu pang'ono, nalekera pomwepo.

Atafika zaka 14 analowa nchito ya kusoka ndi kumata mabuku kwa George Riebau, nakhalako zaka 7. Ambiri a nchito yotere amangosamala cikuto, koma iye anali kuwerenga ndi zam'kati zomwe. M'buku lina anapeza nkhani ya magetsi, ndipo mtima wace sunakhazikike kufikira atayesa yekha zimene anawerengazo. Pokhala wopanda ndalama zogulira zipangizo, anayamba kudzipangira zace ndi mabotolo akale ndi mitengo.

M'caka ca 1812 anapanga batire lace loyamba. Anatenga ndalama zamkuwa 7 za hafupeni, nadula tizidutswa 7 ta zinki tofanana nazo, nazisanjikiza mosinthanasinthana, naika pakati pace timapepala tonyowetsa m'madzi a mcere. Atamangirira waya kumwamba ndi kunsi kwa muluwo, mphamvu ya magetsi inayenda ndithu.

Caka comweco anakamva maphunziro anai a Humphry Davy, katswiri wa ku Royal Institution. Analemba bwino zonse zimene anamva, nazisoka kukhala buku, natumiza kwa Davy pamodzi ndi kalata yopempha nchito. Mu March, 1813, anamlemba kukhala wothandiza m'nyumba yoyeseramo zinthu. Komabe ulemu sunadze msanga. Pa ulendo wa ku France ndi Italy anatumikira monga wanchito wa m'nyumba, ndipo mkazi wa Davy anamnyoza kwambiri. Iye anapirira, osaleka kuphunzira.

Mu 1821 anacititsa waya wokhala ndi magetsi kuti uzungulire maginito kosaleka. Ici ndico ciyambi ca makina onse oyenda ndi magetsi. Koma funso lina linambvuta zaka zambiri: ngati magetsi apatsa waya mphamvu ya maginito, kodi maginito sangabale magetsi? Anayesa kawirikawiri, nalephera. Pa 29 August, 1831, anatenga mphete ya citsulo, nakulunga waya mbali imodzi ndi waya wina mbali inayo, atalekanitsa mawayawo ndi cingwe ndi nsalu kuti asakhudzane. Polumikiza waya woyamba ku batire, singano yoonetsa magetsi a waya waciwiri inagwedezeka, niimanso. Pomasula inagwedezekanso. Apa anazindikira cinsinsi: magetsi amabadwa pamene mphamvu ya maginito isintha, osati pamene ingokhala cete. Posacedwa anaonetsa kuti kulowetsa ndi kuturutsa maginito m'waya wokulungidwa kumacita cimodzimodzi. Nyali ya njinga yoyaka ndi gudumu, ndi makina akuru a ku Kariba, zonse zitsata lamulo lomwelo.

Faraday sanadziwe masamu ozama, koma anali ndi maso openyetsetsa ndi manja aluso, ndipo anali kulemba m'buku zoyesa zace zonse, zotheka ndi zolephera zomwe. Anakondanso kuphunzitsa ana pa nyengo ya Khrisimasi. Maphunziro ace omveka koposa anali a kandulo wamba, mmene uyakira ndi cimene umasanduka.

Anakana kawiri kukhala mtsogoleri wa Royal Society, nasankha kukhala munthu wamba. Anamwalira pa 25 August, 1867, naikidwa ku manda a Highgate.

Mphunzitsi wa kumudzi amadandaula kuti sukulu yace iribe zipangizo, ndipo dandaulo lace nloona. Komabe mcere, mapepala, waya ndi misomali zimapezeka ngakhale kutali ndi tauni. Ana akakulunga waya wokutidwa pa msomali, naulumikiza ku batire la toci, msomaliwo udzanyamula timapini pamaso pao, ndipo tsiku limenelo sadzaliiwala msanga.