Thomas Midgley Jr.

Thomas Midgley Jr. (18 Meyi 1889 – 2 Novembala 1944) anali injiniya komanso katswiri wa kemisitiri wa ku America. Amadziwika ndi zinthu ziwiri zimene anatulukira akugwira ntchito pansi pa kampani ya General Motors: mankhwala a mtovu otchedwa tetraethyl lead, amene ankathiridwa m'petulo kuti injini isamagogode, ndiponso mpweya woziziritsa firiji wotchedwa Freon, wa m'gulu la ma CFC. Ali moyo analandira mendulo zapamwamba kwambiri za akatswiri a kemisitiri m'dziko lake. Patatha zaka zambiri atamwalira, maiko anagwirizana kuletsa zinthu ziwiri zonsezi chifukwa chimodzi chinkawononga ubongo wa ana ndipo china chinkaboola mpweya wa ozoni umene umatchinga dziko ku cheza choopsa cha dzuwa.

Ubwana ndi maphunziro

Midgley anabadwira ku Beaver Falls m'chigawo cha Pennsylvania, koma anakulira ku Columbus, ku Ohio. Bambo ake ankapanga ndi kukonza mapangidwe a matayala a galimoto, ndipo agogo ake akuchimuna obereka mayi ake, James Emerson, anatulukira sowo ya mano ochita kulowetsa. Mu 1911 anamaliza maphunziro a uinjiniya wa makina pa yunivesite ya Cornell, ndipo chaka chomwecho anakwatira Carrie Reynolds. Anabereka ana awiri. Digiri ya kemisitiri analibe. Zonse zimene anadzatchuka nazo pa phunziroli anaphunzira ali kale pantchito.

Atagwirako ntchito kukampani ya National Cash Register ndi kukampani ya matayala ya bambo ake, mu 1916 analembedwa ntchito ndi Charles Kettering mumzinda wa Dayton. Kettering ndi amene anatulukira sitata ya magetsi ya galimoto, ndipo malo ake ofufuzira zinthu anadzakhala mbali ya General Motors.

Kugogoda kwa injini

Ntchito yoyamba imene Kettering anam'patsa inali yofufuza chimene chimachititsa injini kugogoda. Kugogoda kumeneku si kuja amakanika amati injini yanoka, pamene injini yafa. Ndi phokoso limene limamveka petulo akaphulika yekha m'silinda nthawi yake isanakwane, m'malo moyaka bwinobwino kuchokera pa pulagi. Injini yotere imataya mphamvu, imatentha kwambiri ndipo imatha msanga. Vutoli linkalepheretsa opanga magalimoto kupanga injini zopanikiza mafuta kwambiri, zomwe ndi zamphamvu komanso zosadya mafuta ambiri.

Poyamba Midgley ndi Kettering ankaganiza kuti mafuta ofiira angayamwe kutentha msanga n'kuyaka bwino. Utoto wofiira utasowa, Midgley anathira ayodini m'mafuta, ndipo kugogoda kunaleka. Atapeza utoto weniweni n'kuuyesa, sunathandize chilichonse. Choncho maganizo awo anali olakwika, koma anapeza mfundo yofunika: kanthu kochepa kothira m'mafuta kangathe kuthetsa vutolo. Ayodini anali wodula ndipo ankadya zitsulo. Kwa zaka zisanu gulu lake linayesa mankhwala ochuluka zedi. Ena ankagwira ntchito koma ankanunkha. A tellurium ankasiya fungo longa la adyo pathupi ndi pazovala kwa masiku ambiri. Pomalizira pake Midgley anasiya kuyesa mwachisawawa n'kuyamba kutsata ndandanda ya maelementi, kutsika ndi gulu la kaboni kudzera pa silicon ndi tin mpaka kukafika pa mtovu. Pa 9 Disembala 1921 anayesa tetraethyl lead ndipo injini inakhala chete. Kachigawo kamodzi m'zigawo pafupifupi 1,000 za petulo kanali kokwanira.

Nkhani ya ethanol

Pa nthawiyo n'kuti Midgley akudziwa kale chinthu china chothetsa kugogoda. Chinthucho ndi ethanol, alcohol wa fomula C2H5OH, yemwenso amaledzeretsa mu kachasu ndi m'mowa wa masese. Mu 1921, miyezi yochepa asanatulukire mankhwala a mtovu aja, iye mwini anayamikira mafuta osakaniza ndi ethanol pamaso pa mainjiniya a magalimoto. Ethanol anali ndi zovuta zake. Ankafunika wambiri, mwina gawo limodzi mwa magawo khumi kapena asanu a mafuta onse, ndipo kuyambira 1920 lamulo la ku America linaletsa kupanga ndi kugulitsa mowa, zimene zinachititsa kuti alcohol aziyang'aniridwa kwambiri. Koma olemba mbiri ambiri amaloza chifukwa china: aliyense wokhala ndi chimanga kapena nzimbe angathe kutcheza ethanol, pamene tetraethyl lead anali ndi umwini wolembetsa, ndipo mwini wake akanalandira kenakake pa galoni iliyonse yogulitsidwa.

Tetraethyl lead, Pb(C2H5)4, ndi atomu imodzi ya mtovu yogwirana ndi magulu anayi a ethyl, gulu lomwe lija la C2H5 limene lili mu ethanol. Gulu la OH la mu ethanol likachotsedwa n'kuikapo klorini, pamatuluka chloroethane, C2H5Cl, amene ndi haloalkane, kutanthauza alkane amene haidrojeni wake wina walowedwa m'malo ndi klorini, bromini, fulorini kapena ayodini. M'mafakitale ankaphika chloroethane pamodzi ndi mtovu wosakaniza ndi sodium, n'kupeza tetraethyl lead ndi mchere. Panalinso haloalkane wina wofunika. Mtovu ukapsa unkamatirira pa mapulagi ndi mavavu, choncho gulu la Midgley linawonjezera 1,2-dibromoethane kuti azisandutsa mtovuwo kukhala nthunzi yotuluka ndi utsi. Injini inatetezeka, mtovu n'kumapita mumpweya umene anthu amapuma. Bromini ankafunika wochuluka moti Midgley anathandiza kupeza njira yomutengera m'madzi a m'nyanja ya mchere.

Imfa za ogwira ntchito

Petulo wa mtovu anayamba kugulitsidwa ku Dayton mu Febuluwale 1923 ndi dzina loti Ethyl, dzina losatchula mtovu n'komwe. Kuopsa kwa mtovu kunali kodziwika kuyambira kalekale, ndipo chaka chomwecho Midgley anadwala nawo n'kupita ku Miami kukapuma. Mu 1924 General Motors ndi Standard Oil ya ku New Jersey anakhazikitsa kampani ya Ethyl, ndipo Midgley anakhala mmodzi wa akuluakulu ake.

Ogwira ntchito anayamba kufa. Awiri anafera ku Dayton, ena pafakitale ya DuPont ku Deepwater. Mu Okutobala 1924 pafakitale ya Bayway ku New Jersey anthu asanu anamwalira atachita misala, ndipo ena ambirimbiri anagonekedwa m'chipatala. Pa 30 Okutobala Midgley anaima pamaso pa atolankhani, anadzithira mankhwalawo m'manja, kenako n'kununkhiza nthunzi yake kwa mphindi yathunthu pofuna kusonyeza kuti ndi osaopsa. Pa zonse zimene anachita, ichi ndicho chovuta kuchiikira kumbuyo, popeza mwini wakeyo anali atadwala kale ndi mankhwala omwewo.

Mizinda ingapo, kuphatikizapo New York, inaletsa petuloyu, ndipo mu 1925 kugulitsa kunaimitsidwa. Komiti imene boma linasankha inafufuza kwa miyezi yochepa n'kunena kuti panalibe chifukwa chokwanira choletsera, ngakhale inapempha kuti kafukufuku apitirire. Mu 1926 malonda anayambiranso. Midgley anali atachoka kale pa utsogoleri wa tsiku ndi tsiku wa kampaniyo n'kuyamba kufufuza za mphira.

Freon

Mu 1928 Kettering anabweranso ndi vuto lina. Mafiriji a nthawiyo ankayendera ammonia, sulphur dioxide kapena chloromethane, ndipo mpweyawo ukatayikira m'nyumba usiku unkatha kupha banja lonse. Frigidaire, kampani ya General Motors, inkafuna mpweya wosapha, wosayaka moto, komanso wowira pa kuzizira koyenera kuti uzisinthasintha pakati pa madzi ndi nthunzi.

Apanso Midgley anatsegula ndandanda ya maelementi. Anaona kuti pa maelementi opanga mipweya yopepuka, kuyaka kumachepa ukamapita kumanja, ndipo poizoni amachepa ukamakwera m'mwamba. Njira ziwirizo zinkakumana pa fulorini, amene aliyense ankamuopa. Midgley anaganiza kuti fulorini akagwirana ndi kaboni amagwira zolimba kwambiri moti sangachokepo kuti avulaze thupi. Pamodzi ndi Albert Henne ndi Robert McNary, anatsata njira imene Frédéric Swarts wa ku Belgium anatulukira m'zaka za m'ma 1890, yochotsa klorini pa kaboni n'kuikapo fulorini pogwiritsa ntchito antimony trifluoride. Mpweya umene anasankha pomalizira unali dichlorodifluoromethane, CCl2F2, umene umawira pa madigiri pafupifupi 30 kunsi kwa ziro.

Mu 1930, pamsonkhano wa American Chemical Society ku Atlanta, Midgley anapuma mpweyawo kudzaza mapapo, kenako anauzira kandulo n'kuizimitsa. Ulendo uno zimene ankasonyeza zinali zoona: mpweyawo sunkapha ndipo sunkayaka. General Motors ndi DuPont anayamba kuupanga ndi dzina la Freon. Mafiriji anakhala chinthu chosaopsa kuika m'nyumba, ndipo chakudya, katemera ndi magazi a m'zipatala zinayamba kusungika mosavuta. Pambuyo pake ma CFC analowanso m'makina oziziritsa m'nyumba ndi m'zitini zopopera mankhwala a udzudzu.

Matenda ndi imfa

Midgley analandira mendulo ya Perkin mu 1937, ya Priestley mu 1941 ndi ya Willard Gibbs mu 1942, ndipo mu 1944 anasankhidwa kukhala pulezidenti wa American Chemical Society. Zinthu zimene analembetsa kuti anatulukira zinaposa 100.

Mu 1940, ali ndi zaka 51, anadwala poliyo n'kupuwala miyendo. Anadzikonzera zingwe ndi mawilo omudzutsa pabedi popanda womunyamula. Pa 2 Novembala 1944 anapezeka atafa kunyumba kwake ku Worthington, ku Ohio, zingwezo zitamukola m'khosi. Anthu anauzidwa kuti inali ngozi, koma wofufuza za imfayo analemba kuti anadzipha. Anali ndi zaka 55.

Zimene zinadziwika pambuyo pake

Mu 1965 Clair Patterson, amene ankayeza mtovu m'miyala pofuna kudziwa zaka za dziko lapansi, anasonyeza kuti mtovu wa m'matupi a anthu unali utachuluka kwambiri kuposa mmene chilengedwe chikanauikira. Kafukufuku wina anasonyeza kuti ngakhale mtovu wochepa umabweza nzeru za mwana. Maiko olemera anayamba kuuchotsa m'petulo m'zaka za m'ma 1970. Maiko a kumwera kwa chipululu cha Sahara anamaliza kutero kumayambiriro kwa 2006, ndipo dziko lomaliza, Algeria, linasiya mu 2021.

Za ma CFC n'zosiyana, chifukwa ubwino wake ndiwo unadzakhala vuto lake. Poti sagwirana ndi chilichonse, saola ndipo mvula siwatsuka. Amakwera pang'onopang'ono mpaka kumtunda kumene cheza champhamvu cha dzuwa chimadula mgwirizano wa kaboni ndi klorini. Klorini womasukayo amaphwanya molekyulu ya ozoni, n'kumasukanso kukaphwanya ina, ndipo atomu imodzi ingathe kuwononga mamolekyulu pafupifupi 100,000. Mario Molina ndi Sherwood Rowland anafotokoza zimenezi mu 1974, patatha zaka 30 Midgley atamwalira, ndipo mu 1985 gulu la Joe Farman linalengeza za kuchepa kwakukulu kwa ozoni pamwamba pa Antarctica. Mu 1930 panalibe chida chotha kuyeza mpweya wochepa chonchi mumlengalenga, ndipo n'chifukwa chake olemba mbiri samudzudzula Midgley pa Freon mofanana ndi mmene amamudzudzulira pa mtovu. Pangano la Montreal la 1987, litakonzedwanso pambuyo pake, linalamula kuti ma CFC athe, ndipo maiko osauka anapatsidwa mpaka 2010.

Ku Malawi

Malawi ndi limodzi mwa maiko oyambirira mu Africa kutsata njira imene Midgley anaisiya. Kuyambira 1982 fakitale ya Ethanol Company ku Dwangwa, m'boma la Nkhotakota, yakhala ikupanga ethanol kuchokera ku molasesi wotsala popanga shuga, n'kumamusakaniza ndi petulo. Cholinga chachikulu chinali kuchepetsa ndalama zakunja zogulira mafuta, pa nthawi imene nkhondo ya ku Mozambique inkasokoneza njira za ku Beira ndi Nacala. Mu 2004 fakitale yachiwiri, PressCane, inatsegulidwa ku Chikwawa. Minibasi za petulo zopita ku Kawale, Area 23 kapena Area 25 zimayendera mafuta amene mbali yake inachokera m'minda ya nzimbe.

Pangano la Montreal linakhudza Malawi kwambiri kudzera mwa haloalkane amene Midgley sanatulukire, methyl bromide, CH3Br, amene alimi ankaphera tizilombo m'nthaka ya nazale za fodya. Bromini amawononga ozoni kuposa klorini, ndipo pofika kumapeto kwa 2004 dziko linasiya mankhwalawa pa nazale. Mpweya wa Midgley weniweniwo amakanika a mafiriji amaudziwa ndi dzina loti R12. M'mafiriji atsopano analowa m'malo mwake ndi R134a, haloalkane wopanda klorini, ndi R600a, amene alibe klorini kapena fulorini koma amayaka moto. Dzina la mpweya umene uli m'firiji limalembedwa pa kachikwangwani ka pa kompuresa kapena kumbuyo kwa firijiyo.