Woyera Vincent de Paul, Tate wa Amphawi

Woyera Vincent de Paul anabadwa m'chaka cha 1581 ku Pouy, m'dziko la France. Makolo ache anali alimi wamba, ndipo iye ali mwana ankaweta nkhosa za atate ache. Analandira unsembe mu 1600.

M'chaka cha 1617, ali bambo mfumu ku Châtillon, anamva za banja lina m'mene onse anali gone ndi matenda, popanda wowaphikira. Atalalika za iwo m'tchalitchi, akristu anathamangira komweko tsiku lomwelo ndi zakudya zochuluka. Koma Vincent anaona kuti zakudyazo zidzaonongeka msanga, ndipo odwalawo adzagonanso ndi njala. Tsono anasonkhanitsa amai a pamalopo, nawagawira masiku kuti azisamalira odwala mosinthana. Bungwe la Chifundo linayamba motero.

Mu 1633, pamodzi ndi Louise de Marillac, anakhazikitsa chipani cha Asisteri a Chifundo, amene analera makanda otayidwa m'miseu ya Paris. Anamwalira pa 27 September 1660, ndipo mu 1885 Papa Leo XIII anamuika kukhala nkhoswe ya mabungwe onse a chifundo.

Akristu okondedwa, wodwala wa m'mudzi mwanu adzafuna phala mawanso. Gawanani masiku omuzonda.