Leonhard Euler, Amene Analumikiza Trigonometry ndi Indices

Kawirikawiri timaphunzitsa trigonometry ndi indices ngati mitu iwiri yosadziwana, ndipo ophunzira athu amakula akuyesa kuti ndi momwemodi. Amene anaonetsa poyera kuti mituyi ndi pachibale anali Leonhard Euler, mwana wa mbusa wa mpingo, wobadwira ku Basel m'dziko la Switzerland mu 1707. Atate ake anafuna kuti nayenso adzakhale mbusa, koma Johann Bernoulli, katswiri wa masamu mumzindamo, anaona mphatso ya mnyamatayo. Kaphunzitsidwe ka Bernoulli nkofunika tikalingalire ife aphunzitsi, pakuti sanamtafunire kanthu. Anamuuza mabuku oti akawerenge yekha, namlola kubwera Loweruka masana ndi zokhazo zimene zamkanika.

Mu 1727 Euler anakayamba ntchito ku St Petersburg, ndipo mu 1741 anasamukira ku Berlin, diso lake lakumanja litafa kale. Mu 1748 linatuluka buku lake lotchedwa Introductio in analysin infinitorum, m'mene muli mfundo imene lero timailemba chotere: e^(ix) = cos x + i sin x. Apa e ndi nambala ija yoyamba ndi 2.718, i ndi nambala imene ikachulukitsidwa ndi iyo yomwe imapereka −1, ndipo x ndi ngodya yoyezedwa m'maradian. Roger Cotes wa ku England anali atayandikira mfundoyi mu 1714 kudzera m'malogarithm, koma Euler ndiye anaiyala momveka.

Tsono phindu lake nlotani m'kalasi? Lamulo la indices limati e^(ia) × e^(ib) = e^(i(a+b)). Tikachulukitsa cos a + i sin a ndi cos b + i sin b, nkupatula zigawo zopanda i, tipeza kuti cos(a+b) = cos a cos b − sin a sin b; zigawo zokhala ndi i zitipatsa sin(a+b). Malamulo awiri aja, amene ophunzira amawaloweza thukuta lili kamukamu nkuwasokonezabe pa mayeso, atuluka okha m'mizere itatu. Tikaikanso π m'malo mwa x, tipeza e^(iπ) = −1.

Euler anabwerera ku St Petersburg mu 1766, ndipo pofika 1771 khungu linali litamgwira pafupifupi kotheratu. Ntchito sanaileke ayi: ankawerengera masamu m'mutu, mwana wake ndi omthandiza ena nkumalemba, kufikira tsiku limene anamwalira mu 1783.